Mlandu Suola, Koma wa Ngozi Uli ndi Zaka Zitatu

Makolo anati mlandu suola, ndipo pabwalo la amfumu mawuwa akugwirabe ntchito: amene ng'ombe zake zinadya munda wa mnzake amalipa ngakhale patapita nyengo zingapo zokolola. Koma munthu wa ku Tsangano kapena ku Macanga amene wathyoka msana pangozi ya galimoto, akadalira mwambiwu n'kukhala chete, adzataya zonse. Malamulo a Mozambique a milandu ya pakati pa anthu, Código Civil ya 1966, amati pandime 498 ufulu wofuna chipukuta misozi umatha pakapita zaka zitatu kuchokera tsiku limene wovulalayo wadziwa za ufulu wakewo. Nthawiyi imatalikirako ngati ngoziyo ilinso mlandu waupandu umene lamulo limaupatsa zaka zambiri.

Tikudziwa momwe zimakhalira. Lole yodzaza mbatatesi ikagubuduzika potsika phiri, anthu ali pamwamba pa matumba, kapena yonyamula mabelo a fodya ikagunda wapanjinga pamsewu wa ku Furancungo, mwini galimoto amafika pamaliro ndi bokosi, thumba la chimanga, shuga ndi kandalama m'envulopu. Akuluakulu amathokoza ulemuwo, mayi wamasiye amadinda chala papepala limene sanaliwerenge, nkhani n'kuthera pomwepo. Kupepesa n'kwabwino, ndipo mwini galimoto amene wabwera kudzalira nawo wachita zaumunthu. Koma bokosi silidzalima munda chaka chamawa, ndipo shugayo sadzagulira ana makope. Lamulo limaona patali kuposa tsiku la maliro. Ndime 503 imati amene amalamulira galimoto n'kumapindula nayo ayenera kulipira zoonongeka zochokera ku kuopsa kwa galimotoyo, ngakhale dalaivala sanalakwitse chilichonse. Ndime 495 imawerengera ndalama za kuchipatala ndi za maliro, komanso imapereka ufulu kwa onse amene womwalirayo ankayenera kuwadyetsa. Ndime 496 imazindikira ngakhale chisoni chenichenicho cha mkazi, mwamuna ndi ana.

Ena amati kusumira munthu amene wapepesa kale ndi nkhanza, makamaka ngati ndi wapamudzi pomwepo, amene mawa adzatinyamulira katundu kupita kumsika wa pa Biri-Biri. Nkhawa imeneyi njomveka, chifukwa anthu oyandikana amafunana tsiku ndi tsiku. Komabe kuyambira pa lamulo nambala 2/2003, galimoto iliyonse yoyenda m'misewu ya Mozambique iyenera kukhala ndi inshuwalansi yolipira anthu amene yawavulaza, ndipo galimoto zochokera kunja, kuphatikizapo za ku Malawi, zimaigula polowa pachipata. Ngati mwini galimoto anatsatira lamulo, ndalama zimatuluka ku kampani imene iye wakhala akuilipira chaka ndi chaka, mpaka pa malire a inshuwalansiyo. Banja likasiya kufunsa poopa kukhumudwitsa mnansi, amene wapindula ndi kampaniyo, ndipo ana amasiye ndi amene alipira. Ngati galimoto kapena njinga yakabaza inalibe inshuwalansi, mwini wake anasankha yekha kuika moyo wa anzake pachiswe, ndipo sindikuona chifukwa choti wolumala amusenzere mtolowo.

Mawu ena olemera kwambiri ndi akuti wovulalayo anaziputa yekha. Anamveka kwambiri pambuyo pa 17 November 2016, pamene thanki ya mafuta opita ku Malawi inaphulika ku Caphiridzange m'boma la Moatize anthu akutunga petulo, n'kupha anthu oposa 70 ndi kuotcha ena ambiri. Boma linalamula masiku atatu olira, masikuwo anatha, koma zipsera za moto zinatsala pa matupi a anthu amene ayenera kugwira khasu. Amamvekanso nthawi zonse akagwa munthu amene anakwera pamwamba pa matumba. N'zoona kuti wovulala amatha kukhala ndi mbali yake, ndipo ndime 570 imapatsa khoti mphamvu yoyeza kulakwa kwa mbali zonse, kenaka n'kupereka chipukuta misozi chonse, kuchichepetsa kapena kuchikana. Koma woyeza ndi woweruza amene wamva umboni. Mwini lole amene analandira ndalama ya ulendo kwa anthu amene anawakweza pa katundu sangakhale woweruza pa mlandu wake womwe.

Vuto lenileni ndi mtunda, Chipwitikizi cha m'makhoti ndi umphawi, ndipo pamenepa boma ndi limene lili ndi ngongole. Bungwe la IPAJ linakhazikitsidwa mu 1994 kuti liziyimira kwaulere anthu osowa ndalama ya loya. Ogwira ntchito ake ayenera kumafika m'misika ndi m'matchalitchi a ku Tsangano ndi Macanga, n'kumafotokoza m'Chichewa zimene banja liyenera kusunga: nambala ya galimoto, chikalata cha apolisi, chikalata cha dokotala, malisiti a mankhwala ndi mayina a mboni. Mafumu nawonso ali ndi mawu amene anthu amawamvera. Mfumu ingathe kulandira chipepeso m'dzina la banja, koma n'kukana kuti wina aliyense adinde chala papepala maliro asanathe ndiponso wa IPAJ asanaliwerenge.