MAGANIZO ATHU: MSIKA WAUKULU USATIPITIRIRE PA MSEU

Aliyense amene anakwerapo basi yocokera ku Lusaka kupita ku Chipata adziwa cimene cimacitika ikaima pa Nyimba. Amai amathamangira ku mazenera atasenza nthoci, ndipo basi ikanyamuka amabwerera pa mthunzi kukadikira ina. Nthoci zotsala lero, mawa zapsetsa, mkuja zatayidwa. Pa mseu womwewo pamadutsa malole odzala ndi katundu wa masitolo aakulu. Funso lathu sabata ino ndi ili: kodi mwa katundu ameneyo, wocokera m'minda ya Nyimba ndi Petauke ndi woculuka bwanji?

Kampani yaikulu iri yonse iri ndi anthu ake oigulitsa zinthu. Botolo la ciponde lisanafike m'sitolo, nshawa zimadutsa m'manja mwa mlimi, wogula pa depoti, mwini lole ndi wa fakitale. Makampani akonda kugula kwa mlimi mmodzi wa famu yaikulu, popeza kumeneko lole imadzala pa khomo limodzi. Koma mlimi mmodziyo akagwa m'tsoka, sitolo imasowa cogulitsa. Kugula kwa alimi ang'ono ambiri, amai ndi acinyamata omwe, si cifundo ai. Ndi nzeru ya malonda.

Akuluakulu akumbukira masiku a Namboard, imene inayamba mu 1969 ndi kutha mu 1989, ndi Lintco, yogula thonje, imene inagulitsidwa mu 1994. Masiku amenewo wogula anali Boma ndi makopaletivu. Lero bungwe la Food Reserve Agency limagula gawo cabe la zokolola, makamaka cimanga. Zotsalazo zimapita kwa makampani, kapena kwa ogula oyendayenda amene amafika ndi meda yao nthawi imene mlimi wapanikizika ndi bvuto la ndalama.

Khomo la kampani likhoza kutseguka, ndipo umboni uli pafupi. Sitolo ya Shoprite itatsegulidwa ku Chipata, alimi a ndiwo zamasamba a ku Luangeni anadandaula kwambiri kuti msika wao wawonongeka cifukwa ca ndiwo zocokera kutali. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 mbali ziwirizi zinakhala pansi ndi kupangana, ndipo alimiwo anayamba kupereka ndiwo zao m'sitolomo. Nchitoyo sinayende mopanda mabvuto, koma inaonetsa kuti mudzi ukalankhula ndi mau amodzi, kampani imamva. Bungwe la COMACO nalo, limene linayamba mu 2003, limagula nshawa, soya, mpunga ndi uci kwa alimi ang'ono a m'cigwa ca Luangwa, ndipo katundu wake wa It's Wild! apezeka m'masitolo a mu Lusaka.

Kwa eni makampani tinena zinthu zitatu. Coyamba, lengezani mbeu zimene mufuna ndi mtundu wake mvula isanagwe, osati mlimi atakolola kale. Caciwiri, sikelo yanu ikhale poyera, mlimi aziwerenga yekha. Cacitatu, lipirani pa tsiku limene munalonjeza. Mwini famu yaikulu angathe kudikira miyezi iwiri, koma mai wamasiye wa kwa Kalindawalo kapena kwa Ndake sangathe, pakuti sopo, mcere ndi mbeu za caka camawa zonse ziri m'thumba lomwelo.

Komanso ife alimi tiri ndi mbali yathu, ndipo sitibisa. Sitolo ifuna katundu sabata iri yonse, osati pa mwezi wokolola pokha. Ifuna nshawa zouma bwino ndi zosankhidwa. Cizolowezi cowaza madzi pa nshawa kuti zisendeke msanga cimabweretsa cuku, ndipo cuku ciri ndi poizoni wowononga ciwindi. Wogula wozindikira akapeza cuku amabweza thumba lonse, ndipo mbiri ya mudzi wonse imaipa. Cimodzimodzi iye amene analandira mbeu ndi mankhwala a thonje pa ngongole, nakagulitsa thonjelo usiku kwa wina, watsekera anzake khomo. Walira mvula walira matope: wofuna msika waukulu alandirenso malamulo ake.

Mlimi mmodzi sangadzaze lole, koma kopaletivu ya anthu 50 ingathe. Lamulo la Citizens Economic Empowerment la 2006 linaikidwa kuti nzika, makamaka amai, acinyamata ndi olemala, apeze mpata m'malonda. Mu 2022 ndalama za CDF zinakwera kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu liri lonse. Madesiki a m'sukulu zathu ayenera kukhomedwa ndi akalipentala a pa Petauke ndi Nyimba. Koma mpata umenewu umagwera gulu lolembetsa mwa lamulo, lokhala ndi akaunti ku banki, nambala ya msonkho ya ZRA ndi buku la ndalama loyera.

Cotero tipempha mafumu, makhansala ndi alangizi a zaulimi kuti aitanitse misonkhano nyengo yogulitsa isanafike. Gulu liri lonse liwerenge matumba amene lingapereke, lisankhe anthu okhulupirika, ndipo lipite lokha kukagogoda pa khomo la wogula. Malole sadzaleka kudutsa pa mseu wathu. Cofunika ndi cakuti pobwerera ku Lusaka aziima pa Petauke ndi pa Nyimba, ndi kunyamula thukuta lathu pa mtengo woyenera.