Mankhwala Aikidwe M'fupa Momwemo, Koma Mpeni Utsogole

Pa matenda onse amene amagwa pa munthu wamkulu atathyoka fupa, ndi ochepa amene amatopetsa wodwala ndi womudwazika ngati a fupa lolowedwa tizilombo, amene madokotala amawatcha osteomyelitis; pakuti chilonda chake chimatseka lero, mawa n'kuphulikanso, mafinya n'kumatuluka pa kabowo komweko chaka ndi chaka, kufikira munthu amene anali msanamira ya banja asanduka wongokhala pakhonde. Kuno kwathu, kumene njinga zamoto za kabaza zadzaza misewu ndipo miyendo ikuthyoka mpaka fupa kutulukira kunja, nkhani imeneyi sitingaione ngati ya kutali.

Chimene chimalimbitsa matendawa ndi ichi: fupa likafa, magazi safikamonso, ndipo tizilombo, makamaka totchedwa Staphylococcus aureus, timamatirira pa fupa lakufalo ndi pa zitsulo zimene dokotala analumikizira, n'kudzikuta ndi utomoni woterera umene mankhwala amavutika kuuboola. Chotero wodwala angathe kugona m'chipatala milungu 6 akulandira mankhwala a m'mitsempha, koma popeza mankhwalawo amayenda ndi magazi, sangafike kumene magazi anasiya kupita. Ndipo dokotala akati awonjezere mlingo wa mankhwala monga gentamicin, impso ndi makutu a wodwalayo ndi zimene zimalipira.

Nzeru yothana ndi vutoli inachokera ku Germany. Mu 1970 dokotala Buchholz wa ku Hamburg anayamba kusakaniza mankhwala opha tizilombo mu simenti ya mafupa, ndipo m'zaka zotsatira Klemm wa ku Frankfurt anaumba simentiyo kukhala timikanda ta gentamicin totungidwa pa waya, timene amatiika m'dzenje lotsala fupa lovunda likachotsedwa. Pamenepo mankhwala amatuluka pang'onopang'ono, ochuluka koposa amene magazi akanabweretsa, pamene thupi lonse likungolawa pang'ono chabe. Koma walira mvula walira matope: simentiyi imatentha pouma, choncho imafuna mankhwala opirira kutentha monga gentamicin, tobramycin ndi vancomycin, ndiponso siisungunuka, kotero kawirikawiri wodwala amabwereranso ku opaleshoni kuti timikandato tichotsedwe, pakuti mankhwala akatheramo, tizilombo tingathe kumanga nyumba pa timikanda tomweto. Masiku ano kulinso ta calcium sulphate, mbale wake wa ufa womangira chikhakha koma woyengedwa mwapadera, timene timasungunuka tokha m'milungu yowerengeka, ngakhale kuti nthawi zina timachititsa chilonda kukha madzi, ndipo mtengo wake si wamasewera.

Tsono maganizo anga ndi akuti Unduna wa Zaumoyo uike njira imeneyi pa mndandanda wa zinthu zosayenera kusowa, osati ku zipatala za Queen Elizabeth, Kamuzu Central ndi LION ya ku Lilongwe kokha, komanso kulikonse kumene kuli anthu ophunzitsidwa kupala fupa. Timikanda ta simenti sitilira fakitale. Dokotala amatiumba ndi manja m'chipinda cha opaleshoni, akakhala ndi simenti ndi ufa wa mankhwala. Ndipo popeza kafukufuku wa OVIVA wa ku Britain, wofalitsidwa mu 2019 atayesa odwala oposa 1,000, anaonetsa kuti mankhwala akumwa osankhidwa bwino amagwira ntchito mosasiyana ndi a m'mitsempha pa matenda a mafupa, munthu wochitidwa opaleshoni yabwino angathe kukatsirizira mankhwala kwawo, bedi n'kusiyira wina.

Komatu ndichenjeze akuluakulu amene amakonda kugula chinthu chooneka ndi maso, choti anyamule pamaso pa atolankhani: timikanda toikidwa pa fupa lakufa losachotsedwa ndi ndalama zokwiriridwa m'chilonda. Chimene chimachiritsa poyamba ndi dzanja la dokotala lochotsa fupa lonse lovunda kufikira pamene lamoyo layamba kukha magazi, kenaka kulimbitsa mwendo kuti usagwedezeke, ndi kuphimba malowo ndi mnofu wamoyo. Chachiwiri ndi labotale yokhoza kuuza dokotala mtundu wa tizilombo timene tili m'fupamo ndi mankhwala amene tizilomboto timawaopa; pakuti tizilombo tosamva gentamicin tilipo ndithu, ndipo kuika mankhwala mongoyerekeza kumangotiphunzitsa kupirira.

Ntchito yaikulu ya mafupa m'zipatala za maboma ili m'manja mwa ma orthopaedic clinical officer, amene dziko lino linayamba kuwaphunzitsa mu 1985. Amenewa apatsidwe nthawi m'chipinda cha opaleshoni, madzi okwanira otsukira chilonda cha fupa lotulukira kunja tsiku lomwelo la ngozi, ndi galimoto yotumizira msanga wodwala amene wawakanika; pakuti mafupa ambiri amene akuvunda lero anayambira pa chilonda chimene chinachedwa kutsukidwa.