Juni ndi mwezi woitanira alendo ku Phalombe

Cha pa 21 Juni usana umafupika kuposa masiku onse a chaka kuno kwathu, ndipo usiku umatalika. Kumayiko ena malo ogona alendo amakonza zikondwerero za nyengo yotereyi n'kupanga nazo ndalama, koma ife ku Phalombe timangoti kwazizira, n'kufunda. Chonsecho tili ndi zambiri zoti mlendo aone. Chiperoni chikamakuta Michesi ndi phiri la Mulanje, mabanja amazungulira moto, mbatata ili m'phulusa, agogo akuyala nthano. Kukacha, mlendoyo atha kutsikira ku nyanja ya Chilwa, yomwe inalowa m'gulu la madambo ofunika padziko lonse pansi pa mgwirizano wa Ramsar. Kumeneko asodzi amakhala m'zimbowera, tinyumba toyandama pakati pa mabango, akusaka matemba ndi milamba, ndipo bwato litha kumufikitsa pachilumba cha Chisi, mbali ya ku Zomba. Madzulo alawe kalongonda wophikidwa moleza mtima ndi amayi achilhomwe, kenako amve ng'oma za tchopa. Pempho langa kwa khonsolo ya boma ndi eni malo ogona ndi lakuti akayamba kuitana alendo kudzaona zimenezi, ndalama zizifika m'manja mwa wopalasa bwato, wophika ndi wovina. Nyanjayi inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, choncho anthu ake akufunika njira ina yopezera chakudya nsomba zikasowa. Chikhalidwe chimasungika bwino eni ake akamapindula nacho.