Ng'ombe sidya chikalata

Inu a ku Mtunthama, mukamakamba zogawana malo a maesiteti a fodya ogonerawa, ng'ombe mumaziika pati? Aliyense maso ali pa munda wake, dambo palibe wolitchula. Mawa wina alimamo dimba, wina atchinga ndi minga. Mbusa alowera kuti? M'chimanga cha mnzake basi. Kenako milandu kwa a gulupu, chindapusa, udani.

Kumbukirani pulojekiti ya Kudzigulira Malo yomwe inayamba mu 2004. Mabanja oposa 15,000 analandira malo, ena kuchoka ku Thyolo ndi Mulanje kupita ku Machinga ndi Mangochi, banja lililonse mahekitala pafupifupi awiri. Pomwepo mumange, pomwepo mulime. Msipu uchokera kuti?

Lamulo la malo la 2016 linakhazikitsa makomiti a malo m'midzi. Musanalembetse munda wanu, ikakamizeni komitiyo iyambe yapatula dambo la mudzi wonse, inenenso poyera: ziweto zingati, miyezi iti, njira yakumadzi idzera pati.

Musati "ine ndilibe khola, sizikundikhudza." Fodya wanu amachoka kumunda pa ngolo ya yani? Nanga mayi wodwala usiku amafika bwanji ku St Andrew's?