Ya "charge" isatikankhire ku cash pogula 4x4

Mvula ikayandikira, magulu a pa Facebook ndi WhatsApp ogulitsa magalimoto amadzaza ndi ma Hilux, ma Prado, ma Pajero ndi ma X-Trail. Sizodabwitsa. Amene anayendapo msewu wochoka ku Rumphi kupita ku Nyika mu Januwale, kapena amene amagula soya ndi mtedza m'midzi ya ku Mchinji ndi Kasungu, akudziwa kuti kuli malo amene Vitz siifika. Achinyamata amene ayamba bizinesi ya zokolola kapena yonyamula alendo akufuna 4x4, ndipo poti mtengo wa yatsopano ndi wosayamba, amathamangira yogwirapo kale ntchito.

Mkangano umabuka pa nthawi yolipira. Mwagwirizana mtengo bwinobwino, kenako wogulitsa akuti: "Bwana, mukatumiza pa foni kapena kudzera ku banki muonjezere ya charge. Apo ayi bweretsani cash." Ambirife timangovomera chifukwa tinazolowera, ngakhale potumizira amayi ndalama kumudzi timaikapo yotapira. Koma kugula galimoto si kutumiza ndalama ya ndiwo. Ine ndikuti ndalama imene wogulitsa amadulidwa polandira malipiro ndi nkhani yake, aiwerengere mu mtengo kuyambira pachiyambi. Ndipo wogula asalole kuti nkhani ya charge imunyamulitse mamiliyoni m'chikwama.

Ma charge alipo a mbali ziwiri. Wotumiza amadulidwa potumiza, kaya ndi pa Airtel Money, TNM Mpamba kapena pa app ya banki. Wolandira amadulidwa pokatapa kwa ejenti, kapena ngati ndi wabizinesi wolandira kudzera pa makina a POS. Choncho wogula amakhala walipira kale mbali yake. Kumuuza kuti alipirenso mbali ya wogulitsa ndi kumudula kawiri pa dilu imodzi.

Ogulitsa nawo ali ndi madandaulo omveka. Galimoto yochokera ku Japan amailipira m'madola, ndipo madolawo sapezeka mophweka m'mabanki athu. Kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Onjezerani ndalama za padoko ku Dar es Salaam, mafuta ndi dalaivala mpaka pa Songwe, ndi msonkho wa MRA. Phindu limatsala lochepa, zoona. Koma taonani: palibe wogulitsa amene amati "mtengo ndi uwu, koma mundipatsenso ya mafuta a ku Tanzania." Zonsezo amaziphatikiza mu mtengo umodzi chifukwa ndi zolowa pa bizinesi. Nanga charge yolandirira ndalama yasiyana pati? Ikabisidwa n'kudzatulukira pamapeto, wogula sangathe kuyerekeza mitengo ya ogulitsa awiri mwachilungamo.

Tsopano tiwerengere cash imene akutiuza kuti tibweretseyo. Ndalama yapepala yaikulu kwambiri imene inatuluka mu 2022 ndi K5,000. Tiyerekeze kuti galimoto mwagwirizana K20 miliyoni. Amenewo ndi mapepala 4,000, mitolo 40 ya mapepala 100 uliwonse. Muinyamule kuchoka ku banki, mukwere nayo kabaza kapena taxi, mukaiwerengere pa malo amene wasankha ndi munthu amene mwadziwana naye pa Facebook sabata yatha. Zonsezi pothawa charge imene siingafike ngakhale pa mtengo wa tayala limodzi la galimoto yomweyo, eti?

Chachikulu kuposa chitetezo cha pamsewu ndi umboni. Ndalama yodutsa ku banki imasiya tsiku, nthawi, kuchuluka kwake ndi dzina la amene walandira. Mawa zikadziwika kuti galimotoyo ili ndi ngongole, sinalipiridwe msonkho, kapena mwini wake weniweni ndi wina, muli ndi poyambira ku polisi ndi ku khoti. Cash ilibe mboni. Wogulitsa wachilungamo nayenso amatetezeka: sawopa ndalama zachinyengo, ndipo sakhulupirira screenshot kapena SMS yoti ndalama yalowa, amatsegula akaunti yake n'kuona yekha.

Komabe kulipira pa foni pakokha si mankhwala a akathyali. Kuyambira 2018 ma SIM card amalembetsedwa ndi chiphaso, koma anthu akuberedwabe kudzera pa manambala olembetsedwa m'maina a ena. Lamulo losavuta ndi ili: dzina la pa akaunti yolandira ndalama lifanane ndi la pa blue book komanso pa chiphaso cha unzika cha wogulitsa. Akayamba zoti "tumizani kwa mlamu wanga, yanga yadzaza," imani kaye. Ndipo musatumize deposit ya galimoto imene mwangoiona pa zithunzi, ngakhale atakuuzani kuti pali anthu ena atatu akuifuna lero lomwe. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kunena zoona, pogula 4x4 ndalama zambiri sizithera mu charge, zimathera pansi pa galimoto. Tengani makaniko wanu, osati wa wogulitsa. Ailowetse mu 4H ndi 4L pa msewu wafumbi, amvetsere transfer case ndi ma diff, aone ngati pali pamene pakudontha oyilo. Alowe pansi aone dzimbiri pa chassis, chifukwa magalimoto ochokera kumadera a chipale chofewa ku Japan amayenda m'misewu yothiridwa mchere. Nambala ya chassis ifanane ndi ya pa mapepala. Mileage ya pa dashboard musaikhulupirire kwambiri, imabwezedwa. Mukakhutira, pitani limodzi ku Road Traffic mukasinthe umwini nokha, osadalira madobadoba.

Mabanki ndi makampani a foni nawo asakhale ngati nkhaniyi siikuwakhudza. Charge yowerengedwa pa peresenti imaoneka yochepa pogula suga, koma 1 peresenti ya K20 miliyoni ndi K200,000. Mu 2019 boma linafuna kuika msonkho wa 1 peresenti pa ndalama zotumizidwa pa foni, anthu anakana, ndipo ganizolo linasiyidwa. Phunziro lake likadalipo: kulipira pa foni kukadula, anthu amabwerera ku cash. Ma charge a malipiro akuluakulu akhale ndi malire, ndipo aziwonekera pa sikirini munthu asanalembe PIN yake.

Kwa ogulitsa, lembani mtengo umodzi wokhala ndi zonse. Kwa ife ogula, funso loyamba pokambirana lizikhala lakuti, "Mtengo umenewu ndi wolipira ku banki?" Akakakamira cash, ma Hilux ogulitsa ndi ambiri.