Kutentha Kusatisiyitse Mankhwala

Amayi ambiri amene analandira thandizo la khansa ya m'mawere amamwa tamoxifen tsiku lililonse kwa zaka 5 kapena kuposerapo, kuti matendawa asabwerere. Mankhwalawa amatenthetsa thupi mwadzidzidzi ndi kutulutsa thukuta usiku. Ndi dzuwa la Okutobala kuno ku Chinguluwe, mtima umafuna kungowasiya. Tisatero. Tizimwa madzi ambiri, tizivala nsalu zathonje, tichepetse tsabola, tiziyenda m'mawa kusanatenthe.

Koma mwendo ukatupa n'kumapweteka, tikamabanika, kapena magazi akamatuluka kumaliseche pamene si nthawi ya msambo, tithamangire kuchipatala cha boma ku Salima tsiku lomwelo. Abambo ndi ana, tiziwakumbutsa amayi piritsi lawo, ngakhale m'mawa wa Sabata pokonzekera kutchalitchi.