Za Msana wa Galu Wamkota

Akuluakulu akale, pofuna kulemekeza nzeru za munthu amene waona zambiri, ankati galu wamkota sakandira pachabe. Koma sanatiuze chochita pamene mkotayo sangathenso kukanda, pamene m'mawa amayamba waimika miyendo yakutsogolo nadikira kanthawi kuti yakumbuyo imvere, msana utapindika, mchira utagwa, ndipo pakhonde pamene kale ankangodumpha tsopano amaima pansi nayang'ana mbuye wake. Galu wotere si waulesi ayi, monga ena amamunamizira. Chimene chimamusautsa kawirikawiri ndi msana. Tsono mlandu umene wagawanitsa eni agalu ndi madokotala a ziweto m'maiko ambiri ndi wakuti: kodi njira zina zochizira, zimene sizili za mapiritsi a kuchipatala kapena za opaleshoni, zili nayo mphamvu yeniyeni, kapena zimangotonthoza mtima wa mwini galu?

Tisanaweruze, tiyambe tadziwa chimene chimapweteka. Msana wa galu ndi mndandanda wa timafupa, ndipo pakati pa kafupa ndi kanzake Mlengi anaikapo kanthu kofewa kogwira ntchito ya nkhata pamutu pa mayi wosenza mtsuko. Pamwamba pa tinthu timeneti m'pamene pamadutsa mtsempha waukulu wochokera ku ubongo, umene umalamulira miyendo ndi chikhodzodzo. M'chaka cha 1952 katswiri wa matenda a ziweto ku Stockholm, dzina lake Hansen, anafotokoza kuti kanthuka kamaonongeka mwa njira ziwiri: mwa agalu aafupi miyendo ndi aatali msana, monga Dachshund, kamaphulika mwadzidzidzi n'kukantha mtsempha, pamene mwa agalu akuluakulu okalamba, monga German Shepherd amene ambiri amaweta m'matauni mwathu kuti azilondera nyumba, kamafufuma pang'onopang'ono n'kumapanikiza mtsemphawo kwa miyezi kapena zaka. Palinso nyamakazi ya m'chiuno, zotupa, ndi matenda olowa m'fupa, ndipo zonsezi kwa munthu woona ndi maso okha zimaoneka chimodzimodzi.

Mankhwala a kuchipatala alipo, ndipo ngamphamvu ndithu: carprofen ndi meloxicam amachepetsa kutupa ndi ululu, nabwezera agalu ambiri pamiyendo yawo. Koma mkota sakalamba msana wokha, pakuti impso ndi chiwindi nazo zatopa, ndipo mankhwala otere akamwedwa nthawi yaitali angathe kuyambitsa zilonda m'mimba kapena kufooketsa impso, chifukwa chake dokotala wosamala amapima magazi a galuyo kawirikawiri. Opaleshoni ya msana imalira katswiri, makina ojambulira m'kati mwa thupi, ndi ndalama zimene mabanja ambiri, ngakhale a ku Britain kapena ku South Africa, sangazipeze msanga. Chotero munthu amene afunafuna njira ina sindimuyesa wopusa. Wakakamizidwa ndi chifundo, ndipo chifundo pa chiweto chimene chatumikira pakhomo zaka khumi si chinthu chochititsa manyazi.

Njira zimene amazipeza n'zambiri. Pali kubaya thupi ndi tisingano tating'onoting'ono, luso lochokera ku China limene madokotala a ziweto analikhazikitsira bungwe lawo, International Veterinary Acupuncture Society, mu 1974. Ku Britain malamulo salola munthu wamba kubaya chiweto motero, koma dokotala wa ziweto. Pali kuyendetsa galu m'thanki ya madzi ofunda, momwe madzi amanyamula kulemera kwa thupi pamene minofu ikugwira ntchito. Pali kutikita minofu, kuunika ndi laser, kuwongola msana ndi manja, mafuta a nsomba, glucosamine, ndi mafuta a CBD ochokera ku chomera cha chamba. Oikira kumbuyo njirazi amati zambiri mwa izo sizilemetsa impso, zimalola kuchepetsa mapiritsi, ndipo zimalimbitsa minofu imene imagwiriziza msana. Ndipo amaloza agalu amene anabwera atanyamulidwa, napita kwawo patapita masabata akuyenda okha. Umboni wotere suyenera kunyozedwa, pakuti oupereka sanena bodza.

Koma apa m'pamene pagona vuto limene ine ndiliona lalikulu koposa onse. Makolo anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Koma galu samva m'mimba n'kukatsekula yekha, ndipo sangaimirire pabwalo kunena kuti lero ululu wachepa. Womuyankhulira ndi mbuye wake, munthu amene walipira ndalama, wayenda mtunda, ndipo mtima wake wonse ukulakalaka kuona kusintha. Mu 2012 Michael Conzemius wa ku yunivesite ya Minnesota ndi mnzake Richard Evans anafalitsa zimene anapeza pa agalu a nyamakazi amene anapatsidwa mapiritsi opanda mankhwala m'kati, eni ake osadziwa. Agaluwo anawayendetsa pa chipangizo choyeza mphamvu imene mwendo uliwonse ukupondera pansi. Ndipo pafupifupi maulendo 40 pa 100 alionse, eni ake anaona galu ali bwino kuposa mmene chipangizocho chinasonyezera, pamene madokotala a ziweto, ndi maphunziro awo onse, ananyengeka pafupifupi maulendo 45. Munthu wodwala akanyengeka ndi mankhwala opanda mphamvu, mwina iye mwini amapezako mpumulo. Koma mwini galu akanyengeka, wopeza mpumulo ndi iyeyo, galu natsala ndi ululu wake wonse, ndipo tsopano wopanda womudandaulira. Tionjezepo ichi, kuti ululu wa msana umabwera ndi kupita, ndipo agalu ambiri odwala pang'ono amachira ndi kupumula kokha. Mwini amapita kukafuna thandizo tsiku limene matenda afika pachimake, kotero chilichonse chimene chachitika tsiku limenelo chimalandira ulemu wa kuchirako.

Tikapeta njirazi m'kuunika kumeneku, sizitsala zonse, komanso sizitayika zonse. Mafuta a nsomba okhala ndi omega-3 apambana mayeso: ofufuza a ku Montreal atasonkhanitsa kafukufuku wambiri mu 2022 anapeza kuti amachepetsadi ululu wa nyamakazi, pamene glucosamine ndi chondroitin, zimene zimagulitsidwa kwambiri, sizinaonetse phindu. Za CBD, ofufuza a ku Cornell mu 2018 anaona ululu ukuchepa, koma agalu amene anamaliza mayesowo anali 16 okha, ndipo magazi a ambiri anasonyeza kusintha m'chiwindi. Ndipo pasapezeke wina woganiza kuti CBD ndi chamba chosuta, pakuti chimenecho chimaledzeretsa galu mpaka kumudwalitsa. Tisingano tili pakati: kuunika kwa mu 2006 kwa Edzard Ernst ndi anzake sikunapeze umboni wokwanira kuvomereza kapena kukana lusoli, ngakhale mayeso ang'onoang'ono a ku Brazil anasonyeza kuti agalu a msana obayidwa tisingano todutsamo magetsi, pamwamba pa mankhwala awo, anayamba kuyenda msanga. Kuwongola msana ndi manja ndimakuopa, chifukwa kukankha pamalo pamene mtsempha wapanikizika kale kungathe kupuwalitsa galu amene anali kuyenda. Za njira inanso yotchedwa homeopathy, bungwe loyang'anira madokotala a ziweto ku Britain linanena mu 2017 kuti ilibe maziko a umboni, ndipo sinditayirapo nthawi. Owerenga azindikire kuti mayeso ambiri mwa amenewa anachitika pa nyamakazi ya m'mfundo za miyendo, osati pa msana weniweni.

Chodabwitsa n'chakuti njira imene ili ndi umboni wolimba koposa ndiyo yosalira ndalama. Ku America anatenga ana a agalu 48 a mtundu wa Labrador, nawagawa awiriawiri a mimba imodzi, wina namamupatsa chakudya chochepera gawo limodzi mwa magawo anayi kuposa mbale wake, moyo wawo wonse. Ndipo zotsatira zake, zimene zinafalitsidwa mu 2002, zinali zakuti odya mochepa aja anakhala ndi moyo pafupifupi zaka ziwiri kuposa anzawo, nyamakazi nichedwanso kuwagwira. Galu wokondedwa, amene amalandira mkute wa nsima ndi makoko a mumphika tsiku ndi tsiku ali chigonere pakhonde, amasenzetsa msana wake katundu amene mbuye wake amamutcha chikondi. Wopapasa m'mbali mwa galu wake ayenera kumva nthiti mosavuta. Ngati sazimva, chithandizo chiyambire m'mbale yodyera.

Kuweruza kwanga tsono ndi uku: njira zinazi zikhale zothandizira mankhwala, zisawalowe m'malo, ndipo zibwere dokotala wa ziweto atayamba waona galuyo nanena chimene chavuta. Kwathu kuno, kumene thanki za madzi ofunda ndi tisingano n'zosowa, zambiri zili m'manja mwathu ndithu: kumuchotsa pa simenti yozizira ndi kumuyalira thumba kapena bulangete lakale, kuika mphasa pamalo poterera, kumuthowa msana ndi kansalu ka madzi ofunda osati otentha, kumumasula tcheni cha m'khosi, kumusunga pamalo pochepa masabata anayi kapena kuposerapo pamene ululu wabuka, ndipo ukazirala kumuyendetsa pang'ono pamalo osalala m'mawa ndi madzulo. Brufen ndi diclofenac wa anthu asam'patse konse, pakuti amaboola m'mimba mwa galu ndi kuononga impso. Ndipo pofuna kudziteteza ku chinyengo cha maso ake, mwini ajambule galuyo pafoni akudzuka ndi kuyenda chithandizo chisanayambe, nam'jambulenso patapita mwezi, kenaka aonetse zithunzizo kwa munthu amene sadziwa kuti choyamba n'chiti.

Pali nthawi imene zonsezi ziyenera kuikidwa pambali. Galu akayamba kukoka miyendo yakumbuyo, akalephera kukodza, kapena akapanda kumva pomutsina chala, mtsempha uli pangozi, ndipo afunika dokotala tsiku lomwelo, pakuti kuchedwa kungamusiye wopuwala mpaka imfa. Ndiponso m'dziko ngati Malawi, mmene chiwewe chikadapha anthu, kufooka kwadzidzidzi kwa miyendo mwa galu wosabayitsa katemera, makamaka akamatuluka dovu kapena kulephera kumeza, kungakhale chiwewe chimene anthu achiyesa msana; galu wotere asathowedwe, asatikitidwe, ana asamuyandikire, koma atsekeredwe payekha ndipo a zaziweto aitanidwe msanga.